Tsitsa bokosilo, mwana wanga

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tadzuka, kaya iwe kumeneko. Amayi ako mwendo uja wayambanso, komabe akuyenda, dzulo anafika mpaka kudimba. Chizimalupsa chinagwa Lachiwiri, ena athamangira kudzala, ife tikudikira kaye. Ndalama zija zinafika ndipo ndinakatenga ndekha, koma sindinagulire feteleza monga unanenera. Zili mu envelopu, m'kati mwa Buku Lopatulika la agogo ako, ndipo zikhala momwemo mpaka utandiyankha. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umandithamangitsa kuti mayunitsi akutha, nanenso mawu amandikwera tisanamvane. Mlongo wako ajambula masambawa akutumizire pa WhatsApp. Uwerenge onse, usadumphe.

Msuweni wako atabwera kumaliro a azakhali ako anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundionetsa kavidiyo. Mawu ako ndinawazindikira ndisanaone nkhope. Unali mu suti yoyera, chimkuzamawu kumanja, patebulo pali mabotolo ang'onoang'ono ondanda ngati tomato pamsika. Mneneri wanuyo akayankhula Chingerezi, iwe n'kumamasulira m'Chichewa chokoma chija ndinakuphunzitsa ine, kuuza abale athu a ku Johannesburg kuti botolo laling'ono ndi mtengo wakuti, lalikulu mtengo wakuti, wofuna kuonana ndi mneneri payekha alembetse kwa iwe. Ndinamva ndi makutu angawa ukunena kuti wopanda mapepala akadzola mafutawo apolisi amudutsa osamuona. Ndinapempha kuti abwerezenso kavidiyoko, mwina ndamva molakwa. Sindinamve molakwa. Ndinabwerera pamaliro paja miyendo ikunjenjemera, anthu n'kumayesa ndikulira azakhali ako.

Usiku umenewo chimene chinandibwerera ndi sewero lija la mu 2017, pamene tinkakumbukira zaka 500 za kukonzanso mpingo. Ndinalilemba ndekha patebulo ili lomweli, nyali ikutha parafini. Iwe unali Martin Luther, utavala mkanjo wakwaya wokulirapo, manja ake tinapinda kawiri. Hamala inasowa, unakhomera pepala lija pachitseko ndi mwala umene unatola panja. Mnzako uja wa kuseri kwa sukulu anali Johann Tetzel, atanyamula chitini cha mkaka chodzaza zitsekerero za mabotolo, akuchigwedeza n'kumafuula kuti ndalama ikangolira m'bokosi, mzimu wa mbale wako ukutuluka m'moto. Tchalitchi chonse chinaseka. Kenako iwe unaimirira n'kumuyankha, ndipo munakhala zii, ngakhale ana. Amayi ako anandigwira mkono. Lero chitini chija chili m'manja mwako, ndipo muli ndalama zenizeni za anthu enieni.

Ukukumbukira zimene ndinakuuzani pokonzekera, za kumene ndalama za Tetzel zinkapita? Panali mwana wa banja lachifumu ku Jeremani, Albrecht, amene asanakwanitse n'komwe zaka 25 anafuna ubishopu waukulu wa Mainz pamwamba pa Magdeburg ndi Halberstadt zimene anali nazo kale. Kuti ku Roma amulole kudya mipando itatu, anayenera kulipira ndalama zochuluka, ndiye anakakongola kwa a Fugger, banja lolemera lokongoza ndalama la ku Augsburg. Ngongole ibwezedwa bwanji? Anapangana kuti m'madera ake muzigulitsidwa makalata ochotsera chilango cha machimo, theka la ndalama lizipita kungongole, theka linalo kukamangira tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma, nthawi ya Papa Leo X. Mayi wamasiye wa kumudzi woponya kandalama kake m'bokosi sankadziwa za Albrecht, sankadziwa za a Fugger. Iye ankangodziwa zimene wauzidwa, kuti amayi ake akupsa mu puligatoliyo, moto woyeretsera mizimu ya akufa, ndipo akumulirira kuti awaombole. Tetzel ankalalikira momwemo, kuwauza anthu kuti atchere khutu amve makolo awo akufa akudandaula kuti tinakuberekani, tinakulerani, lero mukutiuma kandalama kochepa.

Ndiye ndikufunse iwe. Ndalama zimene ukulemba m'kope mwakomo, zikatuluka m'holo zimapita kuti? Galimoto ija ndinaiona pakavidiyo inagulidwa ndi chiyani? Mwini wakeyo ali ndi ngongole kwa yani? Ngati sukudziwa, bwanji ukulimba mtima kuuza anthu kuti akupereka kwa Mulungu? Ngati ukudziwa, ndiye mtima wanga ukusweka kawiri.

Tetzel sankaloledwa kulowa m'dziko la Frederick, mfumu ya Saxony, choncho anthu a ku Wittenberg ankayenda wapansi kupita ku Jüterbog kukagula makalatawo. Pobwera ankafika kwa wansembe wawo, Luther, kudzaulula machimo, iye akawauza kuti alape, iwo n'kutulutsa pepala kuti talipira kale. Mkwiyo wake unayambira pamenepo, pa nkhosa zakezake zimene ankazidziwa ndi mayina. Pa 31 Okutobala 1517 analembera Albrecht kalata n'kuikamo mfundo 95 zija. Anthu ambiri amangodziwa nambalayo, koma iwe unaloweza zinayi, ndinakusankhira ndine. Ya 43, kuti wopatsa wosauka kapena kukongoza wosowa wachita bwino kuposa wogula kalata. Ya 45, kuti woona mnzake ali pamavuto n'kumulambalala kukapereka ndalama pa kalata, wadzigulira mkwiyo wa Mulungu. Ya 86, yofunsa kuti Papa wolemera chotero, bwanji osamanga tchalitchicho ndi ndalama zake m'malo mwa za okhulupirira osauka. Koma imene ndikufuna uibwereze usiku uno ndi ya 46: Akhristu aphunzitsidwe kuti ngati alibe zotsala, asunge zofunika pabanja pawo, asazimwaze pa makalata. Anthu amene akufola patebulo lako ali ndi zotsala? Mtsikana wosesa m'nyumba za eni ake, mnyamata wosamalira maluwa, amene amagona asanu m'kachipinda kamodzi kuti atumize kenakake kwawo. Botolo lako limodzi ndi fizi ya mwana kuno, ndi thumba la chimanga la gogo wina amene akuyang'ana kumsewu.

Tsopano ndikuuze chimene sindinauzepo munthu, ngakhale amayi ako. Chaka chija mng'ono wako anadwala, atatibweza kuchipatala kachiwiri popanda kusintha, ndinagulitsa mbuzi ziwiri n'kunena kunyumba kuti ndikukalipira ngongole ya mankhwala. Ndinanama. Ndinakwera minibasi m'mamawa kuli mdima kuti a mpingo asandione, ine mkulu wa mpingo, mphunzitsi wa kalasi, ndinapita kwa munthu wina wa mapemphero kutauni amene ankatchuka masiku amenewo. Pakhomo panali katebulo, pakatebulopo mnyamata waulemu kwambiri, malaya osita bwino. Anandipatsa mpando, ananditchula adadi, analemba dzina langa m'kope ndi dzina la wodwala. Anawerenga ndalama zanga kawiri, akunyowetsa chala ndi malovu, n'kundiuza mofatsa kuti zimenezi n'zongolowera, madzi ake n'ngapadera. Ndinavula wotchi ija munkaisewera muli ana n'kumupatsa. Ndinabwera ndi madzi m'botolo la Fanta, ndinkamumwetsa mng'ono wako usiku amayi ako akagona. Patatha masabata atatu tinamuika. Sindikunena kuti ndalama zija zikanamuchiritsa. Ndikunena kuti munthu amene mwana wake akufa amagulitsa chilichonse, sangathe kukana, ndipo amene amakhala pakatebulo amadziwa zimenezo. Nkhope ya mneneri uja ndinaiiwala kalekale. Ya mnyamata uja ndimaionabe, chala chija chikuwerenga. Pakavidiyo paja ndinamuonanso, ali ndi mphumi ya agogo ako.

Tsitsa bokosilo, mwana wanga.

Usaganize kuti Luther ankawaseka anthu ogula makalata aja. Mantha ankawadziwa kuposa iwo. Bambo ake, Hans, munthu wa migodi ya mkuwa ku Mansfeld amene anavutika mpaka kukhala ndi ng'anjo zake, anamulipirira sukulu ku yunivesite ya Erfurt kuti adzakhale loya. Mu Julaye 1505, akubwerera kusukulu, mphenzi inagwa pafupi naye cha ku Stotternheim, ndipo m'mantha analumbira kwa Anna Woyera kuti akapulumuka akhala mmonke. Patangotha masabata awiri analowadi m'nyumba ya amonke. M'menemo anadzizunza ndi kusala kudya, kugona pozizira, kuulula machimo kwa maola ambiri mpaka mkulu wake, Johann von Staupitz, kutopa naye. Nayenso ankalipira, kungoti ndalama yake inali thupi lake. Mtendere sanaupeze kufikira atakhala pansi ndi kalata ya Paulo kwa Aroma, akuphunzitsa ku Wittenberg, n'kuona pa mutu 1 ndime 17 kuti wolungama adzakhala ndi moyo ndi chikhulupiriro, kuti chilungamo chimene ankachiopa chija Mulungu amachipereka yekha chifukwa cha Khristu, kwaulere. Ndiye munthu woti wangotuluka kumene m'dzenje limenelo aone mnzake akuimika msika pakamwa pa dzenjelo, angakhale chete? Nafenso sitidziwa zina. Munalandira kwaulere, patsani kwaulere. Unaloweza ndimeyi uli ndi zaka 9, ndinakupatsa switi.

Za Hans uja ndimaziganizira kwambiri masiku ano. Mwana wake atachita Misa yake yoyamba mu 1507, iye anabwera ndi anzake, anaperekanso mphatso, koma pachakudya anamudzudzula pamaso pa akuluakulu onse, kumufunsa ngati sanawerengepo kuti lemekeza atate wako ndi amako. Panadutsa zaka 14. Mu 1521 Luther analembera bambo akewo poyera, kuvomera kuti mawu aja anamulasa ndipo sanamuchoke, ndi kuti analakwa kulumbira popanda iwo. Sindikuti bambo aliyense amalondola. Ine ndinalakwa tsiku lija kudepoti, pamene ndinati ukapita usadzabwere chimanjamanja ngati ana a uje. Mawu amenewo ndawatafuna kambirimbiri. Ngati ndi amene anakukankhira patebulo limenelo, ndawabweza lero. Bwera chimanjamanja. Bwera ndi kachikwama kamodzi komweko unapita nako, ndidzakuchingamira ndekha pamsewu.

Ndikudziwa chimene undiyankhe, chifukwa ndiwe mwana wanga. Uti nanga malata ali padengapo anagula ndani? Uti nanga mankhwala a amayi? N'zoona, ndagona pansi pa malata ako miyezi 14 ndikuthokoza Mulungu, ndikuuza anthu kuti mwana wanga akugwira ntchito ya mu ofesi. Sindinafunse ofesi yanji, ndipo kusafunsako ndi mlandu wanga. Chiyambire maliro aja, mvula ija ya Lachiwiri itayamba kulira padenga, tulo sindinatione. Udzu sunandiphe zaka 30, sukanandipha chaka chino.

Utinso nanga kwanuko simupempha ndalama? Timapempha. Masika, chakhumi, Pepa Sande, ndipo nthawi zina timanyanya, timawerenga mayina mokweza mpaka wosauka kuchita manyazi. Ndinayankhulapo ku seshoni kangapo, ena sanakondwe nane. Koma taona kusiyana kwake. Luther sanathetse bokosi m'tchalitchi, anaika lina. Ku Wittenberg mu 1522, ndi ku Leisnig mu 1523, anakonza bokosi la mudzi wonse, lokhala ndi maloko angapo, makiyi ali ndi anthu osiyanasiyana kuti wina asalitsekule yekha. Zotulukamo zinkathandiza amasiye, ana opanda makolo, odwala, aphunzitsi, ndi kukongoza amisiri osauka kuti ayambe ntchito. Ndi chifukwa chake ife timawerenga chopereka tili atatu, n'kulengeza Lamulungu lotsatira kuti zinalowa zingati, zinatuluka zingati. Ndipo palibe amene timamuuza kuti pemphero lake lidikira risiti. Bokosi lanulo makiyi ake ali ndi angati? Amalume ako a Chikatolika usawaloze chala pankhaniyi, mpingo wawo unaletsa wokha malonda amenewa kalekale, Papa Pius V anawathetsa mu 1567. Zimene iwo anazitaya zaka zoposa mazana anayi zapitazo tazitola ndife, ana a Luther, n'kuzithira m'mabotolo.

Msuweni wako akuti mumaopsezedwa, kuti wochoka amatembereredwa, sapita patali. Akutinso mapasipoti a ena amasungidwa ku ofesi. Lako lili kuti? Undiyankhe funso limeneli loyamba. Za matembererozo, tamvera. Luther anatembereredwa ndi Papa weniweni, kalata yake iye anaitentha pamoto pa 10 Disembala 1520, ndipo mwezi wotsatira anamudula mu mpingo. Mu Epulo 1521 anaitanidwa ku Worms pamaso pa mfumu yaikulu Charles V, atamulonjeza chitetezo. Ankadziwa bwino kuti mlaliki wina, Jan Hus, anapita ku Constance ndi lonjezo la chitetezo ngati lomwelo, ndipo anamutentha mu 1415. Atamuonetsa mabuku ake patebulo n'kumufunsa ngati akuwakana, sanayankhe mwamphamvu ngati mmene unachitira iwe m'sewero. Anayankhula motsitsa, anapempha nthawi yoganiza, anamupatsa tsiku limodzi. Ankaopa, ngati mmene ukuopera iwemu. Mawa lake ndi pamene anati pokhapokha amutsutse ndi Malemba kapena ndi zifukwa zomveka, chikumbumtima chake n'chomangidwa ndi Mawu a Mulungu, ndipo kuchita zosemphana ndi chikumbumtima si kwabwino komanso n'koopsa. Mfumu inalamula kuti munthu asamupatse chakudya kapena pogona. Ndipo anakhala zaka zina 25, anakwatira, anabereka ana 6, anafera pamphasa mu 1546 ku Eisleben, m'tauni momwe anabadwira. Temberero la Papa ndi la mfumu silinamugwire, ndiye la munthu wobwereka holo likugwire iwe?

Koma usandimve molakwa. Sindikuti ukakhome mapepala pachitseko chawo kapena ukawayaluse pa Facebook. Luther anali ndi Frederick, amene anatuma anthu kumugwira m'njira ngati achifwamba n'kukamubisa ku linga la Wartburg, komwe anasunga ndevu n'kumatchedwa Junker Jörg. Iwe ulibe Frederick, uli m'dziko la eni, ndipo anthu akaona kuti chakudya chawo chikuthawa amaluma. Tenga pasipoti yako, siya kope ndi makiyi, uchoke mwakachetechete, usinthe ndi kogona komwe. Akakufunsa unene kuti bambo akundifuna kumudzi, sukhala ukunama.

Ndipo uganizire mmene Tetzel anathera, chifukwa mpando wako ndi wake. Zinthu zitavuta, akuluakulu amene ankadya ndalama zija anamutaya. Albrecht anakwezedwa kukhala kadinala mu 1518 ndipo anakhala mpaka 1545. Tetzel anabindikira m'nyumba ya amonke ku Leipzig, akuopa kutuluka panja, wonyozedwa ndi mbali zonse, n'kumwalira mu 1519, pasanathe zaka ziwiri. Chimanga chikapsa amalozera amene wagwira muuni. Nambala imene anthu akutumizirako ndalama ili m'dzina la yani? Akaunti yakubanki ili m'dzina la yani? Tsiku limene apolisi adzagogode, mwini wake adzakhala ali pandege, iwe uli ndi kope m'manja, mawu ako ali m'mafoni a anthu mazanamazana. Chikomekome cha mkuyu. Suti imeneyo si yako, adzakuvula. Pamene Tetzel ankafa, amene anamulembera kalata yomutonthoza anali Luther yemweyo, kumuuza kuti asadzizunze, nkhaniyi siinayambe ndi iye. Ndimaikonda mbali imeneyi kuposa ya ku Worms. Nanenso sindikukuda, ndipo mnyamata uja wa pakatebulo ndimamupempherera, mwina nayenso anali ndi makolo ofuna malata.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi Chichewa chako. Ku Wartburg kuja, munthu wosakidwa, wodwaladwala, anamasulira Chipangano Chatsopano chonse m'Chijeremani m'masabata 11 okha, chinatuluka mu Seputembala 1522, Baibulo lonse mu 1534. Ankanena kuti womasulira azimvetsera mmene amayankhulira mayi m'nyumba, ana mumsewu ndi munthu wamba pamsika, kuti Mawu akafika, munthu amve ngati akuyankhulidwa kwawo. Ankafuna kuti wina akadzabwera ndi bokosi, mlimi athe kutsegula buku n'kufunsa kuti zalembedwa pati. Patatha zaka 400 ndendende chitulukire Chipangano Chatsopano chija, mu 1922, ifenso tinalandira Buku Lopatulika m'chinenero chathu, ntchito imene William Murray wa ku Nkhoma anaigwira zaka zambiri pamodzi ndi makolo athu. Agogo ako anaphunzirira kuwerenga m'buku limeneli, masamba a Masalimo anachita kuda ndi zala zawo. Mphatso ya lilime uli nayo iwe, kuyambira uli mwana ukamasulira mlendo m'tchalitchi anthu ankati mwanayu akuposa mwini ulaliki. Mneneri wakoyo anaiona, ndi chifukwa chake anakutenga. Payekha sangafike pamtima pa mayi wa ku Dedza kapena wa ku Mangochi, amafikapo kudzera pakamwa pako. Anthu akukhulupirira chifukwa akumva mawu akwawo. Kawerengenso za Gehazi pa 2 Mafumu 5. Elisa anakana mphatso za Namani, amene anathamangira ndalama anali mnyamata wake.

Luther sanali mngelo, ndipo sindinakubisirenipo. Pamene alimi osauka anaukira mafumu mu 1525, analemba mawu ankhanza olimbikitsa mafumu kuwakantha, ndipo anaphedwa ambirimbiri. Atakalamba, mu 1543, analemba zoipa kwambiri za Ayuda, zimene anthu oipa anadzazigwiritsa ntchito patapita zaka mazana, ndipo mipingo ya dzina lake inachita kuzikana poyera. Pakamwa pake panali poyipa akakwiya. Ndimamuwerenga ndi chisoni pamenepo. Koma pa ndalama, manja ake anali oyera. Mabuku ake ankagulidwa ngati mchere, osindikiza analemera nawo, iye sankalandirapo kanthu. Pakhomo pake pankayenda chifukwa cha mkazi wake, Katharina von Bora, sisitere amene anathawa m'nyumba ya masisitere ku Nimbschen mu 1523 pangolo ya wamalonda, n'kukwatirana naye mu Juni 1525. Mayi ameneyo ankalima, ankaweta nkhumba ndi ng'ombe, ankafulula mowa wa pakhomo, ankasunga ana asukulu olipira, ndipo nyumba yodzaza alendo inkadya thukuta lake. Ndikamuganizira ndimaona apongozi anga, mayi a mwana wako, akudzuka 4 koloko kukazinga mandasi, mwana kumsana. Ndalama yawo ndi yochepa koma akaigwira sayang'ana kumbuyo. Iwo sakudziwa za kavidiyo. Ukufuna adzamve kwa anthu a pachigayo?

Mwana wakoyo wayamba kuyenda, amagwira khoma. Dzana anagwetsa wailesi yanga. Akaseka ndi iwe ndendende, ndipo akalira ndi mng'ono wako. Luther nayenso anaika ana awiri, Elisabeth ali khanda, ndi Magdalena mu 1542 ali ndi zaka 13, amene anafera m'manja mwake. Anavomera yekha kuti akudziwa kuti mwanayo ali pabwino, koma thupi likukana kutonthozeka. Munthu amene dziko lonse linkamumvera analibe botolo loti amwetse mwana wake, anangogwada pambali pa bedi n'kulira. Ndinaziwerenga izi patapita zaka mng'ono wako atapita, ndipo ndi pamene ndinasiya kudzifunsa ngati ndinapereka zochepa. Atamwalira iye mwini, anapeza kapepala kamene analemba komaliza, mawu ake otsiriza akuti ndife opemphapempha, zimenezi n'zoona. Ngati iye anali wopemphapempha pamaso pa Mulungu, iwe ukugulitsa katundu wa yani?

Tsitsa bokosilo. Ndikubwereza chifukwa ndikukudziwa, ukhoza kuwerenga zonsezi n'kunena kuti ndichoka ikatha Khirisimasi, ndipezeko kaye kangachepe. Usatero. Lamulungu lililonse limene ukuwonjezera, pali bambo wina akuvula wotchi. Ntchito zilipo, ngakhale zotsuka magalimoto, anzako akukhalira zomwezo ndipo sanafe. Zikakanika, bwera. Munda wa kumtsinje uja ukungomera tsekera, ine msana sukundilolanso. Ku sekondale yoyendera kuno akhala akusowa wophunzitsa Chichewa, ndingakayankhule ndi ahedi.

Ndalama za mu envelopu ndaziwerenga, zikukwana basi yochokera ku Johannesburg mpaka kuno, n'kutsalako ya chakudya cha m'njira. Ukanena, ndizitumiza tsiku lomwelo. Ngati pali wina amene ukumudziwa kuti anadzimana kwambiri patebulo lako, ndipo ungakonde zibwerere kwa iye, undipatse nambala yake, ndidzakondwa koposa, ya basi tidzagulitsa nkhumba. Feteleza usade naye nkhawa, manyowa ndakokera kale ngolo 6.

Amayi ako sindinawauze, koma akudziwa kuti pali kanthu, andifunsa kawiri chifukwa chimene ndikulembera usiku. Lamulungu tikaweruka ndidzakwera pachulu paja pamene netiweki imagwira, kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Uimbe. Ukachita manyazi ungoflasha, ndidzaimba ndine. Akuti ndikufunse ngati juzi ija anakulukira ukadali nayo, ndipo ngati chifuwa chija chinasiya.

Ndine bambo ako.